Makosi aulere a The Global Health Network: ndemanga ya munthu amene anawididwa ku sukulu ya udokotala

Ndinawididwa chaka chachitatu. Ndayamba ndi pamenepa dala kuti mudziwe kuti zimene ndikulembazi si zomva kwa ena ayi. Ndinarepita kamodzi, kenako sapu (mayeso obwereza) inandikanika, kalata inabwera, ndinalongeza mabuku ndi kothi yoyera ija nkubwerera kwa amayi ku Zingwangwa komwe azimayi a kumpingo anali atayamba kale kundiitana kuti adokotala. Miyezi inayi ndinangokhala mnyumba foni ili pa sailenti, kuganiza za loni ya boma yoti ndidzabweze ndilibe digiri, kuganiza za mbuzi zimene agogo anagulitsa, ndipo chimene chinkandiwawa kwambiri si manyazi koma kuti mmutu mwanga muli anatomy, physiology, pharmacology, zonse zija ndinazigonera mulaibulale, koma palibe pepala lililonse loti ndikaonetse munthu kupatula transcript yothera panjira.

Amene anandiuza za webusayitiyi ndi asisi anga a kwa amalume, ndi anamwino pa pulojekiti ina ya kafukufuku. Sanandinyengerere, anangoti ndisiye kugona masana, ndilowe pa The Global Health Network nditenge sitifiketi ya GCP, ya malamulo a kafukufuku wa mankhwala, ndipo akufuna aione pa WhatsApp sabata isanathe. Ndinalowa mokwiya koma ndinalowa.

Kwa amene simukuidziwa, iyi ndi netiweki yoyendetsedwa kuchokera ku University of Oxford, amaitsogolera ndi Professor Trudie Lang, ndipo cholinga chake nkuthandiza anthu ochita kafukufuku wa zaumoyo mmaiko ngati athu ano. Ili ndi gawo lotchedwa Global Health Training Centre, mmenemo ndi mmene muli makosi. Kulembetsa nkwaulere, imelo basi. Makosinso aulere, sitifiketi yaulere, palibe poti ikani khadi la kubanki kapena yesani kaye masiku asanu ndi awiri. Kwa munthu amene ndinalibe ngakhale ya minibasi izi zinali zazikulu. Zambiri nzowerenga, si mavidiyo ataliatali, ndiye kabandulo kakang'ono kamakwana ndipo ine makosi atatu oyamba ndinawachitira pa foni yosweka sikirini nditakhala pakhonde pomwe neti imagwira bwinoko. Ukamaliza kuwerenga pamakhala mafunso, ukapeza 80 pa 100 sitifiketi imatuluka yokha ya PDF dzina lako lili pomwepo.

Kosi imene aliyense amathamangira ndi ya ICH Good Clinical Practice, GCP mwachidule. Ndi yaifupi, ola limodzi ukhoza kumaliza, ine ndinatenga tsiku lonse chifukwa ndinkalemba manotsi mkope ngati kale, dzanja linali litazolowera. GCP ndi malamulo amene dziko lonse limatsatira poyesa mankhwala kapena katemera pa anthu, maziko ake ali pa Declaration of Helsinki ya 1964, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yoti ufulu ndi chitetezo cha munthu amene walowa mkafukufuku zimaposa phindu la sayansi. Mumaphunzira ntchito ya investigator (wotsogolera kafukufuku pamalopo), ntchito ya sponsor (bungwe lomwe ndi mwini kafukufukuyo), ntchito ya komiti yoona za ufulu wa anthu, kuno kwathu ngati NHSRC (National Health Sciences Research Committee), komanso bungwe loona za mankhwala la PMRA limene limavomereza kuyesa mankhwala. Mumaphunziranso tinthu tooneka tating'ono koma tochotsetsa anthu ntchito, monga kuti ukalakwitsa polemba pa fomu sufufuta ndi tipeksi, umadula kamzere kamodzi kuti cholakwikacho chiziwerengekabe, nkulemba cholondola pambali, deti ndi zilembo zoyamba za dzina lako.

Koma pamene mtima wanga unatembenuka ndi pa kosi ya adverse events, kutanthauza mavuto a m'thupi amene munthu amakumana nawo ali mkafukufuku. Ndikuwerenga za kusiyana kwa vuto wamba ndi serious adverse event, loti munthu wamwalira, kapena moyo wake unali pachiswe, kapena wagonekedwa mchipatala, kapena walumala, kapena mwana wabadwa ndi chilema, ndi kuti zotere zimayenera kunenedwa msangamsanga, kawirikawiri pasanathe maola 24, ndinangoona kuti zonsezi ndikuzimva popanda kutsegula dikishonale. Ndikudziwa chifukwa chake mwana wotentha thupi amatha kukomoka, ndikudziwa chifukwa chake amayeza chiwindi munthu akamamwa mankhwala ena, ndikudziwa kuwerenga zotsatira za magazi. Aka kanali koyamba chichokereni kusukulu kuona kuti zaka zitatu zija zili ndi pogwira ntchito. Ndinalira pakhonde pomwepo, amayi nkutuluka kufunsa ngati kwagwa maliro.

Ina imene ndingauze aliyense kuti asaidumphe ndi ya informed consent, kutanthauza kuvomera kulowa mkafukufuku munthu atamvetsa bwino. Ife kusukulu tinkaphunzira kufunsa wodwala mbiri ya matenda ake, koma kufotokozera mayi wa kumudzi chifukwa chake mukufuna kutenga magazi a mwana wake amene sakudwala nkomwe ndi luso lina. Kumbukirani za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi Phalombe, anthu anafa chifukwa cha mphekesera za magazi. Ndiye ukabwera ndi fomu ndi jakisoni uyenera kudziwa kuti kusainitsa si kuvomereza, munthu ayenera amvetse, afunse, akane ngati akufuna, ndipo akakana asaope kuti chipatala chimusala. Ngati sadziwa kulemba pamafunika mboni yosakondera mbali nkudinda chala. Makosiwa ine ndinawerenga mu Chingerezi, ndiye ntchito yosandutsa mawu ngati placebo (chooneka ngati mankhwala koma chopanda mankhwala) kapena randomisation (kugawa anthu mmagulu mwa maere) kuti amveke mChichewa cha kumsika ndi yako, ndipo ndikuuzeni, pa intavyu anandifunsa zimenezi ndendende, kuti ndiwafotokozere placebo ngati ndikuyankhula ndi agogo.

Mwina wina afunsa kuti kodi kafukufukuyo ku Malawi kuno alipo wokwana kudyetsa munthu? Alipo ndithu ndipo si wamasewera. Katemera wa typhoid anayesedwa pa ana oposa 28,000 ku Ndirande ndi kwathu ku Zingwangwa kuno kuyambira 2018. Kafukufuku wa HPTN 052 amene mu 2011 anaonetsa kuti kuyamba ma ARV msanga kumachepetsa kupatsirana HIV pakati pa okondana ndi 96 pa 100 anachitikiranso ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Katemera wa malungo wa RTS,S dziko loyamba kuyamba kubaya ana mu April 2019 linali lathu lino. Kuli Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, UNC Project ku Lilongwe, MEIRU ku Karonga ndi Lilongwe, ndi ena. Kuseri kwa dokotala mmodzi wotsogolera kafukufuku kumakhala gulu la ma research assistant, ma data clerk, ma fieldworker, oona za quality, ndipo ambiri mwa amenewa si madokotala.

Tsono ndinene zoona zake kuti ndisanamize munthu amene ali pa ululu umene ndinali nawo. Sitifiketi ya ola limodzi si digiri ndipo eni akewo sanena kuti ndi digiri. Siikupatsa chilolezo chogwira wodwala, chimenecho chimachokera ku Medical Council of Malawi ukamaliza maphunziro ovomerezeka, ndipo ndikupempheni anzanga owididwa, anthu a mmudzi akamabwera kuti tabayeniko jakisoni mwanayu poti munaphunzirako, kanani, musayambe njira imeneyo. Ine ndinalemba makalata ofunsira ntchito ambirimbiri, anandiitana awiri okha, ntchito ndinaipeza pachiwiri, ya research assistant, kontilakiti ya chaka chimodzi yoti pulojekiti ikatha nanenso ndatha. Malipiro ake ndi ogulira ufa ndi magetsi nkutsalako pang'ono. Chimene masitifiketi anachita nkundipatsa chonena atandifunsa kuti chichokereni kusukulu mwakhala mukutani, ndipo funso limenelo lidzabwera, konzekani. Ine ndinayankha mosabisa kuti ndinalephera mayeso nkuchotsedwa, kenako ndinatulutsa mapepala asanu ndi limodzi amene ndinapulintitsa ku Limbe.

Chinanso choti muchenjere nacho, malamulo a GCP amasinthidwa. Imene ine ndinachita inali ya mtundu wotchedwa E6(R2) wa 2016, koma mu January 2025 anavomereza E6(R3), ndiye onani kuti kumene mukufunsirako akufuna iti, komanso mapulojekiti ambiri amafuna uzibwereza GCP pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Poti ndi yaulere kubwereza si vuto.

Njira zina ziliponso ndipo mnzanga amene tinawididwa limodzi anasankha zimenezo, anakayambiranso dipuloma ya clinical medicine kuti adzakhale clinical officer. Malawi College of Health Sciences ndi Malamulo amaphunzitsa zimenezo, ku Mzuni kuli optometry ndi biomedical sciences, ku MUBAS kuli environmental health. Zonsezo zimafuna fizi ndi zaka, ndipo ubwino wa makosi a pa intanetiwa ndi woti ukhoza kuwachita lero lomwe uku ukudikira kuti makoleji atulutse mafomu kapena kuti kwanu apeze ndalama.

Ndikanati ndiyambirenso ndikanayamba ndi Introduction to Clinical Research kuti ndione chithunzi chonse, kenako GCP, kenako informed consent ndi adverse events, ndipo amene amakonda zakulabu awonjezere Good Clinical Laboratory Practice. Pa zimene amalonjeza ine ndikuwapatsa nyenyezi zonse zisanu. Panopa ndikubwereza ya data management madzulo ndikaweruka chifukwa abwana anga akuti mwezi wamawa ndiyamba kuthandiza kuyeretsa data, ndipo fomu ya digiri ya public health ndayamba kale kudzaza, yangotsala kalata ya umboni imene asisi aja akuti andipezera wolemba Lolemba.