Makamera, alamu ndi mlonda pamodzi: njira iti ikuyenera bizinesi ya m'Chigwa cha Shire?

Ambiri a ife eni mashopu, zigayo ndi malo osungira katundu ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka pa boma la Nsanje tinagula zida zachitetezo pang'onopang'ono, ndalama ikapezeka. Chaka chino makamera awiri, chaka chinacho alamu, mlonda ndiye analipo kale. Vuto lake n'lakuti chilichonse chimagwira ntchito pachokha. Alamu ikalira usiku simudziwa ngati ndi mbava kapena mphaka, ndipo zimene kamera yajambula mumadzaonera m'mawa katundu atapita kale. Pofuna kuti zidazi zizimvana, anthu akutsata njira zitatu, ndipo sizifanana mphamvu kuno kwathu.

Yoyamba ndi kugula zonse kwa wopanga mmodzi: makamera a mawaya, bokosi losunga zojambulidwa lija amati NVR, ndi alamu, zonse za Hikvision kapena zonse za Dahua. Mumaziona pa foni m'pulogalamu imodzi, Hik-Connect kwa oyambawo, DMSS kwa enawo. Chitseko cha kumbuyo chikatsegulidwa pakati pa usiku, foni imalira, inu n'kutsegula kamera ya pakhomo pomwepo musanadzutse munthu aliyense. Chimene ndimaikondera kwambiri njirayi n'chakuti zojambulidwa zimasungidwa m'bokosi momwemo, ndiye netiweki ya Airtel kapena TNM ikasowa, kujambula sikuima. Makamera a PoE amalandira moto kudzera mu waya yemweyo wonyamula zithunzi, kotero mukapatsa bokosilo batire, mwapatsa makamera onse. Kuipa kwake ndi mtengo woyambira, komanso pafunika katswiri woyala mawaya, amene nthawi zambiri amachokera ku Blantyre. Ngati muli kale ndi makamera a kampani ina, musawataye msanga: funsani ngati ali ndi ONVIF, njira yothandiza zida za makampani osiyana kuti zizimvana, chifukwa oterowo amatha kulumikizika ku bokosi la wopanga wina, ngakhale zina monga kuzindikira munthu sizigwira bwinobwino.

Yachiwiri ndi makamera otchipa a Wi-Fi kapena olowa simu khadi, ena okhala ndi kasola kawokawo, kuphatikizapo tizida tomata pazitseko, zonse n'kuziika pa pulogalamu ngati Smart Life. Mumamangirira nokha masana amodzi. Kwa munthu amene ali ndi khola la ng'ombe kutali ndi mudzi, kapena pampu ya mthirira m'mbali mwa Shire kumene waya wa ESCOM sufika, palibe chinanso choposa kamera ya simu khadi ndi sola. Koma pa shopu yodzaza katundu sindingakulimbikitseni. Bandulo ikatha, maso anu atsekeka. Zojambulidwa zimakhala pa kamemore khadi m'kati mwa kamera momwemo, ndiye wakuba akaizula wapita ndi umboni womwe. Ndiponso mapulasitiki ake sapirira dzuwa la mu Okutobala, pamene kutentha kuno kumadutsa madigiri 40.

Yachitatu ndi kupereka zonse m'manja mwa kampani yachitetezo, yoti alamu ikalira iwo amamva ku ofesi kwawo n'kutumiza galimoto. M'mizinda zimathandiza. Kuno funso ndi limodzi basi musanasaine: galimoto yawoyo imagona kuti? Ngati ili kutali ndi shopu yanu, mukulipira mwezi ndi mwezi kuti adzafike akuba atawoloka kale.

Tsono pali nkhani imene ogulitsa satchula kawirikawiri, pomwe ndi imene imagwetsa njira zonse zitatuzi: magetsi. Tonse tikukumbukira Januwale wa 2022, pamene namondwe Ana anawononga damu la Kapichira kuno ku Chikwawa, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzimazima kunatenga nthawi yoposa chaka. Akuba amaudziwa bwino mdima. Choncho kulumikiza kwenikweni kuyambire pa batire limodzi ndi sola zodyetsa bokosi, alamu, rauta ndi nyale zapanja. Pa batire pomwepa palinso kusankha. La asidi ndi lotchipa, koma linapangidwira kutentha kwa madigiri 25, ndipo akawonjezekera ena 10 moyo wake umafupika pafupifupi ndi theka; m'kachipinda ka malata ku Ngabu silichedwa kufa. La lifiyamu limawawa pogula koma limakhalitsa. Lililonse mwa awiriwa liikeni pamthunzi podutsa mpweya. Ndipo bokosi ndi batire zikhale pamwamba, pa shelefu yokhomedwa kukhoma, osati pansi pa kauntala: amene anaona madzi a 2015 ndi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 akudziwa chifukwa chake.

Kanthu kena kooneka kakang'ono: usiku kuwala kwa kamera kumakopa tizilombo, akangaude n'kuluka ukonde pagalasi penipeni. Kaulusi kamodzi kakamagwedezeka ndi mphepo, foni imalira usiku wonse, mpaka mwini wake amatopa n'kuzimitsa mauthengawo, ndipo apo chitetezo chatha. Makamera otha kusiyanitsa munthu ndi mbuzi kapena nthambi amachepetsa vutoli kwambiri, ndipo ndalama yowonjezerayo siipita pachabe. Kupukuta galasi ndi kansalu sabata iliyonse, makamaka nyengo ya fumbi, ikhale ntchito ya mlonda.

Mlondayo musamuchotse poganiza kuti makina alowa m'malo mwake. Mupatseni batani loliza alamu, mumuikire foni yokhala ndi mayunitsi, ndipo nambala za apolisi apafupi ndi za akomiti yachitetezo cha m'dera zikhalemo. Kwa shopu kapena holoselo ya m'mbali mwa msewu wa M1, ine ndingasankhe njira yoyamba ija pa sola ndi batire la lifiyamu, kamera ya simu khadi n'kuisiyira kukhola ndi kudimba. Ndalama ikachepa, yambani ndi batire ndi makamera anayi a mawaya. Alamu ya wopanga yemweyo mudzawonjezera mukakolola.