Ndemanga Yanga pa Marathoni ya Cape Town: Nyenyezi 4 mwa 5

Ndinathamanga Sanlam Cape Town Marathon pa 20 Okutobala 2024, nditachokera ku Lilongwe ndi ndalama za m'thumba mwanga, popanda kampani kapena kalabu yondilipirira. Anzanga othamanga nawo m'mamawa akhala akundifunsa ngati ulendowu ndi woyenera kuusungira ndalama. Yankho langa ndi lakuti inde, koma mupite ngati munthu wokaona mzinda amenenso akathamange Lamlungu. Mukaika mtima wonse pa makilomita 42.2 okhawo, Cape Town ikhoza kukuliritsani, ndipo chifukwa chake ndichifotokoza.

Mutu umayamba kuwawa musanavale n'komwe nsapato. Kulembetsa kumachitika pa intaneti, malo amatha miyezi ingapo tsiku lisanafike, ndipo ndalama yake ndi ya rand. Amene amagwiritsa ntchito khadi la banki ya kwathu akudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti yomwe ndinali nditalemba inangosanduka pepala wamba. Ine anandilipirira ndi msuweni wanga wokhala ku Joni, ndipo ndinamubwezera popereka makwacha kwa mayi ake kumudzi. Chomwe chimapepuka ndi pasipoti, chifukwa Mmalawi amaloledwa kukacheza ku South Africa masiku 30 popanda viza. Ulendo wa pandege umadzera ku Johannesburg, kenako n'kukweranso ina ya maola awiri. Basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge ndi yotsikirapo mtengo, koma ikakutulani ku Joni mumakhala mutatsala ndi makilomita pafupifupi 1,400, ndipo miyendo yomwe yapindika masiku onsewo singakumvereni pa mpikisano. Basi isungireni pobwerera.

Zonse zimachitikira ku Green Point, mozungulira sitediyamu yomwe anaimangira World Cup ya 2010. Nambala ya pachifuwa ndinakatenga komweko, ndipo mzere unkayenda mwachangu moti sindinaonepo munthu akukangana ndi wina. Pamalopo pamakhalanso ogulitsa nsapato, mawotchi, masokosi ndi timapaketi ta zakudya zopatsa mphamvu. Manja amayabwa, koma mitengo yake mukaitembenuza kukhala makwacha amasiya okha kuyabwa.

Loweruka si tsiku longodikira. Kumakhala mipikisano yaifupi ya makilomita 5 ndi 10 yomwe amaitcha Peace Run, komanso ina ya m'tinjira ta m'phiri kwa okonda miyala ndi zitunda. Izi n'zomwe zimachititsa kuti ulendowu ukhale wa banja lonse. Mayi akunyumba, amene poyamba ankati akungondiperekeza kukagwira chikwama, anathamanga ya makilomita 5 n'kulandira mendulo yawoyawo, ndipo mpaka lero mendulo imeneyo ndi yomwe yapachikidwa pabalaza. Yanga ili m'dirowa.

Tsopano msewu weniweniwo. Munthu wozolowera kuthamanga ku Lilongwe, komwe kuli pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, akatsikira ku Cape Town amamva chifuwa kutseguka. Makilomita oyambirira amakoma monyengerera, ndipo ambiri amawathamanga mopitirira muyeso. Njira imachoka ku Green Point n'kudutsa m'mphepete mwa tauni kulowera ku Woodstock, Salt River ndi Observatory, mpaka kumadera a mitengo yambiri a Rondebosch ndi Newlands, kenako n'kubwerera. Table Mountain mumakhala mukuiona nthawi zonse, koma imasintha nkhope: poyamba ndi khoma lafulati lija la pazithunzi, mukazungulira nsonga ya Devil's Peak n'kukhala phiri lina lobiriwira lomwe simungalizindikire.

Chomwe ndinachikonda kwambiri ndi anthu omwe kumeneko amawatcha madalaivala a basi. Ameneyu ndi wothamanga wodziwa ntchito yake, wonyamula kambendera kumsana kolembedwa nthawi yomwe akafikire kumapeto, kaya maola 4, kaya 4:30, kaya 5. Inu mumangosankha basi yanu n'kukwera, kutanthauza kulowa m'gulu lomutsatira. Dalaivala wathu anali bambo wachikulire wa mawu aakulu. Ankatiuza poti tiyende pang'ono, poti timwe madzi, poti tikweze manja m'mwamba kuti mapewa amasuke, ndipo pachitunda ankayambitsa nyimbo gulu lonse n'kumavomera. Zinkangokhala ngati anthu olimitsana m'munda wa mnzawo, wina akafooka enawo n'kumukokera ndi nyimbo. Ambiri mwa anthu a m'basimo anali a makalabu a ku South Africa ofuna nthawi yowayenereza kulowa mipikisano yaitali kuposa marathoni ya Comrades kapena Two Oceans, choncho nkhani ya mphindi sankaiseweretsa. Amene simunathamangepo marathoni, kwerani basi. Simulipira kanthu, ndipo idzakufikitsani.

Pobwerera m'tauni mumadutsa malo omwe pawokha ndi mbiri ya dzikolo. Pali Castle of Good Hope, linga lomwe Adatchi anamanga m'zaka za m'ma 1600. Pafupi pomwepo pali District Six, komwe boma la tsankho linalengeza mu 1966 kuti ndi dera la azungu okha, n'kusamutsa anthu oposa 60,000 ndi kugumula nyumba zawo, ndipo malo ena akadali apululu mpaka pano. Kenako City Hall, pomwe Nelson Mandela analankhulira khamu la anthu pa 11 Febuluwale 1990, tsiku lomwe anatuluka m'ndende. Pakhonde lomwelo pali chiboliboli chake. Kunena zoona, pofika pamenepo maso amakhala ali pa phula, chifukwa pa makilomita a m'ma 30 muno njira imayamba kukwera. Si chitunda choti munthu wa ku Zomba kapena ku Dedza angachitchule, koma chimabwera pa nthawi yoipa. Malo amenewa mukawaonenso Lolemba mukuyenda pang'onopang'ono.

Nkhanza zenizeni zili kumapeto. Mumafika ku Green Point, sitediyamu mukuiona, zokuzira mawu mukuzimva, koma njira n'kukupitirizani ku Sea Point kuti mukatembenukire kumeneko n'kubwerera m'mbali mwa nyanja. Ndi malo okongola kwambiri pa njira yonse, komanso ndi pomwe ndinaona amuna akuluakulu atagwira mizati ya magetsi, akuwongola minofu yokokana. Ndinasoketsa kambendera ka Malawi pa malaya anga, ndipo chapamenepa mnyamata wina wovala epuloni anatuluka mu lesitilanti n'kukuwa kuti, "Achimwene, musatichititse manyazi, tiyeni nazo!" Amalawi ku Cape Town aliko ambiri, m'makhitchini, m'minda ya maluwa ndi m'malo omwetsera mafuta, ndipo akakuzindikirani sakusiyani kuti mudutse mwakachetechete.

Ife tikulimbana ndi Sea Point, akatswiri anali atasamba kale. Glenrose Xaba anapambana kumbali ya amayi ndi nthawi ya 2:22:22, n'kuphwanya rekodi ya dziko la South Africa pa marathoni yake yoyamba. Kumbali ya abambo anapambana Abdisa Tola wa ku Ethiopia, n'kuchotsa rekodi ya njirayi yomwe Stephen Mokoka anaika mu 2018. Chaka chimenecho mpikisanowu unali pa mayeso ofuna kulowa m'gulu la Abbott World Marathon Majors, la mipikisano ya marathoni ikuluikulu padziko lonse, momwe panthawiyo munali Tokyo, Boston, London, Berlin, Chicago ndi New York, ndipo Sydney inalowamo mu 2025. Mayesowo ankaonekera pa chilichonse: misewu yotsekedwa bwinobwino, anthu onyamuka m'magulumagulu m'malo mothithikana onse nthawi imodzi, madzi ndi zakumwa zotsekemera pafupipafupi, ndi achipatala ooneka paliponse.

Nanga nyenyezi imodzi yapita kuti? Theka lake yadyedwa ndi malo ogona. Nyumba ya alendo yomwe tinafikira, imene sindiitchula dzina, inakweza mtengo chifukwa cha mpikisano, n'kutilonjeza kuti othamanga adzapeza tiyi ndi buledi m'bandakucha. Titadzuka tinapeza khitchini ili yokhoma. Anatipulumutsa ndi nthochi ndi chiponde zomwe tinagula dzulo lake. Dalaivala wa galimoto yoitanitsa pa foni nayenso anatitsitsa patali ndithu chifukwa misewu inali itatsekedwa kale. Pezani chipinda ku Green Point, Sea Point kapena De Waterkant, poti mukhoza kuyenda wapansi, ndipo chikhale ndi kakhitchini kanu. Ife tinatenga kaufa pang'ono, ndipo nsima ya Loweruka madzulo inandigwira m'mimba kuposa pasta yomwe aliyense amaitamanda.

Theka linalo ndi la mphepo. Kum'mwera chakum'mawa kumachokera chimphepo chomwe eni ake amachitcha Cape Doctor, ndipo chimalimba kuyambira miyezi ya Seputembala ndi Okutobala mpaka chilimwe chawo chonse. Chikaomba, tingolo tokwezera anthu pa Table Mountain timaima, ndipo nyanja ikawinduka boti lopita ku chilumba cha Robben Island silinyamuka. Pa 19 Okutobala 2025 chinachita zoposa pamenepo. Chinaononga matenti ndi zomangamanga za poyambira usiku, ndipo marathoni inalephereka m'mawa wa tsiku lomwelo, anthu pafupifupi 24,000 atavala kale manambala. Okonza sindiwaimba mlandu, chifukwa chitsulo chouluka chikhoza kupha munthu, ndipo Sanlam, kampani yomwe imathandiza mpikisanowu ndi ndalama, inalonjeza kuwalipirira othamangawo malo mu 2026 kapena 2027. Koma tikiti ya ndege yochokera ku Kamuzu International Airport palibe amene angakubwezereni. N'chifukwa chake ndikuti musamange ulendo wonse pa Lamlungu lokha.

Kuyambira 2026 mpikisanowu anausunthira mwezi wa Meyi. Kumeneko ndi nthawi yomwe kukuyamba kuzizira ndipo mvula yawo ili pafupi, choncho tengani juzi yakale yoti mukhoza kuitaya poyambira. Kwa ife kuno zikutanthauza kuti maulendo ataliatali okonzekera azigwera mu Febuluwale ndi Malichi, m'matope a dzinja. Ine ndikuona kuti n'zabwinoko kusiyana ndi kale, pomwe tinkakonzekera m'fumbi ndi kutentha kwa Seputembala.

Za mzindawo sindichulutsa, poti zithunzi zake mwaziona. Tsiku lililonse lomwe mwadzuka phiri lili poyera, kwerani lomwelo osadikira mawa. Matikiti a ku Robben Island, komwe Mandela anakhala zaka 18, mugule pa intaneti musananyamuke, ndipo musaike ulendowo Loweruka chifukwa mumaima ndi kuyenda kwambiri. Mukamaliza mpikisano, kaviikeni miyendo m'nyanja ku Sea Point kapena Camps Bay. Madzi a Atlantic kumeneko ndi ozizira moti mphindi zochepa zokha mafupa amachita dzanzi, ndipo musayerekeze kuti mukasambira ngati ku Senga Bay. Chakudya choyenera madzulo amenewo ndi gatsby, chibuledi chachitali chodzaza tchipisi, nyama ndi sosi, chomwe chimodzi chimakwanira anthu atatu kapena anayi. Usiku yendani pa galimoto, ndipo foni isamakhale m'manja m'misewu yopanda anthu.

Amene cholinga chanu ndi kungodziyesa ngati mungathe makilomita 42.2, yambani ndi mipikisano ya kwathu konkuno, ndalama zanu zitsale. Koma amene mwathamangapo kale ndipo mukufuna kulawa marathoni ya mumzinda waukulu popanda kuvutika ndi viza ya ku Ulaya kapena America, iyi ndi yomwe ili pafupi nafe. Lembetsani tsiku lomwe atsegula, gulani tikiti ya ndege yotheka kusintha tsiku, ndipo yobwerera ikhale ya Lachiwiri kapena Lachitatu, chifukwa Lolemba masitepe a pabwalo la ndege simungawatsike.