Miyezi khumi ndi makina ofufuzira zitsulo pa busa lodzaza misomali

Pamene ndinalemba maganizo anga oyamba m'mwezi wa Epulo, nditakhala ndi makina ofufuzira zitsulo m'nthaka kwa masabata atatu okha, ndinanena kuti mwina ndinagulitsidwa katundu wowonongeka, chifukwa makinawo ankalira mosapumira, manambala a pa sikirini ankadumphadumpha, ndipo pafupifupi dzenje lililonse limene ndinakumba linkatulutsa msomali wadzimbiri. Tsopano ndatha nawo miyezi khumi, ndikupita nawo kumunda pafupifupi Loweruka lililonse limene sindinali pa ntchito, ndipo mawu amenewo ndiyenera kuwabweza. Makinawo analibe vuto. Ine ndi amene ndinayambira pa malo ovuta kwambiri ndisanadziwe kanthu, n'kutcheranso makinawo m'njira imene inkangoipitsa zinthu.

Makina amene ndikunenawa ndi a anthu oyamba kumene, a mtundu wa VLF (otumiza mafunde a maginito m'nthaka), ogwira ntchito pa frequency, kapena kuti liwiro la mafundewo, imodzi ya 12 kHz, ndipo anabwera ndi koyilo, mbale ya kumunsi imene imamva zitsulo pansi, ya mtundu wotchedwa DD ya mainchesi 11. Akamva kanthu pansi amalira m'mahedifoni ndi kuonetsa nambala ya pakati pa 0 ndi 99. M'Chichewa timangoti chitsulo pa zonse, koma pa nkhaniyi pakufunika kusiyanitsa, choncho chitsulo chija chimachita dzimbiri ndi kukokedwa ndi maginito ndizichitcha ayironi. Pa makina angawa ayironi amayenera kugwera pa manambala a pansi, kuyambira 0 kufika 15, ndipo amalira ndi liwu lalikulu longa kudzuma, pamene mtovu, aluminiyamu, mkuwa ndi siliva zimakwera manambala n'kulira ndi liwu laling'ono losongoka. Buku la malangizo limafotokoza zimenezi molondola, kungoti limafotokoza za chinthu chimodzi chogona pachokha m'dothi loyera.

Ndimakhala ku Lincolnshire, m'dziko la England, kumene anthu ambiri amakonda kufufuza zinthu zakale m'minda, koma palibe amene amaloledwa kutero popanda chilolezo cha mwini nthaka. Mlimi wina wachikulire anandilola kulowa pa busa laling'ono kuseri kwa nyumba yake, ndipo atandiuza kuti kale pamalopo panali khola la akavalo ndi shedi ya ngolo, ndinakondwa, poganiza kuti pamene anthu agwirapo ntchito zaka zambiri pamagwa makobidi ambiri. Zimenezo n'zoona. Koma pamagwanso misomali ya denga, zitsulo za kumapazi kwa akavalo, zidutswa za mapulawo, maunyolo, mahinjesi a zitseko ndi waya wa mpanda, ndipo zonsezi zimaposa makobidi kutalitali.

Cholakwa changa choyamba chinali kukweza sensitivity, imene ndi mphamvu yomvera ya makina, mpaka pamapeto. Ndinkaganiza kuti ndikatsitsa ndiye kuti ndikusiya zinthu zakuya, ndipo popeza ndinalipira ndalama zonse, ndinkafuna mphamvu zonse. Pa munda woyera maganizo amenewa sali kutali ndi choona, koma pa busa lija ankachititsa kuti koyilo izimva misomali khumi nthawi imodzi, yapafupi ndi yakuya, yapakati ndi ya m'mbali, ndipo makina sankapeza mpata wokhazikika pa chinthu chimodzi. Nditatsitsa ndi magawo awiri, phokoso lambiri linatha, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva kulira kumodzi kukuyamba ndi kutha pakokha.

Cholakwa chachiwiri ndi chimene chinanditayitsa miyezi, ndipo ndichikhalitsa pang'ono. Nditatopa ndi kudzuma kwa ayironi, ndinagwiritsa ntchito discrimination kutseka manambala onse a pansi kuti ndisamawamvenso. Busa linakhala chete, ndipo ine ndinayesa kuti ndathana ndi vutolo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kutseka liwu la msomali sikuchotsa msomaliwo pansi pa koyilo. Makina amaumvabe, amatenga kanthawi kouweruza, n'kusankha kusalira, ndipo ngati khobidi lagona pafupi ndi msomaliwo, limamezedwa mu bata lomwelo, kapena zizindikiro ziwirizo zimasakanikirana n'kutulutsa nambala imene si ya msomali ndiponso si ya khobidi. Choipa china n'chakuti munthu amene sakumva ayironi sadziwa kuti wafika pamalo othithikana, motero amapitiriza kugwedeza koyilo mofulumira pamene anayenera kuchepetsa liwiro.

Zimenezi ndinazimvetsa madzulo ena a mwezi wa Juni pa kapinga wa kunyumba, nditafufuza kaye kuti pansi pake palibe kanthu. Ndinaika thabwa pansi, n'kugonekapo khobidi lakale la penny la nthawi ya Mfumu George V, lija lalikulu la mamilimita pafupifupi 31, ndipo palokha linalira bwino pa nambala yoposa 80 kuchokera mbali iliyonse. Kenaka ndinagoneka msomali wa mainchesi atatu pambali pake, motalikirana ngati zala ziwiri. Nditadutsitsa koyilo motsata utali wa msomaliwo, khobidi linasoweratu, osamveka ngakhale pang'ono. Nditazungulira n'kudutsitsa mopingasa, linamveka, koma mwachidule, ndipo nambala inatsika kwambiri. Ndinatsegulanso liwu la ayironi, n'kulichepetsa mphamvu kuti lisamandigonthetse m'kutu, ndipo nditadutsitsa koyilo pang'onopang'ono ndinamva zinthu ziwiri zotsatizana, kudzuma kenaka kaliwu kosongoka. Khobidi limene ndinkaliona ndi maso anga linkabisika ndi msomali umodzi pa thabwa, ndiye ndinadzifunsa kuti ndi angati amene ndinawaponda pa busa lija kwa miyezi itatu. Kuyambira tsiku limenelo sindinatsekenso ayironi.

Pali chinyengo china chosiyana ndi chimenechi, chimene chimakumbitsa munthu maenje akuya opanda phindu. Makina a VLF amatumiza mphamvu ya maginito yosinthasintha m'nthaka, mphamvuyo imadzutsa magetsi ozungulira m'chitsulo chimene chili pansi, ndipo makina amayeza kuchedwa kwa chizindikiro chobwerera kuti apereke nambala. Msomali wowongoka umadziulula msanga, koma ayironi wamkulu, wophwatalala kapena wozungulira ngati mphete amayendetsa magetsi amenewa bwino kwambiri moti amaoneka ngati mkuwa kapena siliva. Tsiku lina ndinakumba mpaka chigongono kutsatira nambala ya 90, mtima ukugunda, ndipo chinatuluka chinali mphete yachitsulo ya pa ngolo, yaikulu ngati chikhatho. Panopa ndisanalowetse fosholo ndimachita zinthu zitatu zimene sizitha mphindi imodzi. Ndimazungulira chinthucho n'kudutsitsanso koyilo kuchokera mbali ina, chifukwa khobidi limayankha chimodzimodzi mbali zonse, pamene ayironi kawirikawiri amasweka liwu kapena kudzuma kumayambiriro ndi kumapeto kwa kulira. Ndimakweza koyilo m'mwamba pang'onopang'ono, ndipo ngati chinthucho chikulirabe mwamphamvu koyilo ili pafupi ndi bondo, ndimadziwa kuti si khobidi. Pomaliza ndimaona ngati malo amene liwu losongoka likumveka ndi omwewo amene pinpoint, njira ya makina yolozera malo enieni a chinthu, ikuloza, popeza msomali wopindika umakonda kulira mokoma kunsonga kwake pamene thupi lake lili pambali. Njirazi sizilondola nthawi zonse, ndipo ndimakumbabe ayironi tsiku lililonse, koma tsopano ndimakumba ndikudziwa kuti ndikukayikira.

Za ground balance ndinkalakwitsa mophweka kwambiri. Ntchitoyi imafuna kuti munthu akweze ndi kutsitsa koyilo pamalo opanda chitsulo kuti makina aphunzire dothi lokha, koma ine ndinkachitira paliponse pamene ndaima, ndipo pa busa lija paliponse panali msomali. Makina ankatenga msomali ngati dothi, n'kukhala osokonezeka tsiku lonse. Masiku ano ndimayamba ndapita kumapeto kwa busa, kumene kuli koyera, n'kuchitira kumeneko.

Phokoso lina silinkachokera m'nthaka n'komwe. Kugunda kobwerezabwereza pafupifupi sekondi iliyonse, kumene ndinkakumva mbali ya kumadzulo, kunali kwa mpanda wamagetsi wa nkhosa za pa busa loyandikana nalo, ndipo kunkachepa ndikasuntha frequency pang'ono kapena kutalikira mpandawo. Kulira kwa pa sitepe iliyonse kunali kwa nsapato zanga za kuntchito, zimene zili ndi chitsulo kuzala. Foni ya m'thumba lakutsogolo inkasokonezanso. Kulira kwa kumapeto kwa kugwedeza kulikonse kwa koyilo kunali ndi zifukwa ziwiri, waya wa koyilo amene ndinamukulunga molekerera moti ankagwedera, ndiponso chizolowezi changa chokweza koyilo kumapeto m'malo moiyendetsa mofanana ndi nthaka. Ndinapezanso matope atadzaza pakati pa koyilo ndi chophimba chake, ndipo tsopano ndimachichotsa ndi kuchitsuka kamodzi pamwezi. Njira yodziwira msanga ndi kunyamula koyilo m'mwamba n'kuigwira osaigwedeza: ikamalirabe, vuto si la pansi.

Chinthu chokhacho chimene ndinawonjezerapo ndalama n'kuona kusintha kwenikweni ndi koyilo yaing'ono yowulungika, ya mainchesi 9.5 m'litali ndi 5 m'lifupi, imene ndinagula mu Seputembala. Koyilo ya DD imamva kwambiri pa kamzere ka pakati pake, ndipo kamzereko kakakhala kakafupi, zinthu zogwera pansi pake nthawi imodzi zimachepa. Imataya kuzama pang'ono ndipo imachedwetsa ntchito, chifukwa malo amene ndinkamaliza pa ola limodzi tsopano amanditengera maola awiri kapena kuposa. Koma pakona imodzi imene ndinali nditadutsapo kambirimbiri ndi koyilo yaikulu, ndinatulutsa makobidi atatu a penny, batani lamkuwa, ndi sixpence (khobidi lakale la mapeni asanu ndi limodzi) ya m'zaka za m'ma 1920, imene theka lake ndi siliva monga zinalili ndi makobidi otero kuyambira 1920 mpaka 1946. Sixpence imeneyo inali pakuya kosaposa utali wa chala, ndipo m'dzenje lomwelo munali misomali iwiri. Sinali yakuya ayi, inali yobisika basi. M'maganizo mwanga, wogula makina a mtundu umenewu amene akudziwa kuti azifufuza pa mabwinja a nyumba kapena makola aziwerengera koyilo yaing'ono pa mtengo woyamba.

Zinthu ziwiri za kuno zinandisokoneza kwa nthawi, ndipo woyamba kumene ayenera kuzidziwa. Makobidi ambiri a 1p ndi 2p opangidwa kuyambira 1992 mkati mwake ndi chitsulo chokutidwa ndi mkuwa, ndipo a 5p ndi 10p amene anayamba kutuluka mu 2012 nawonso ndi chitsulo chokutidwa ndi nickel, choncho akakhalitsa m'dothi amapereka manambala odumphadumpha ofanana ndi a zinyalala. Poyamba ndinkayesera makina anga ndi makobidi a m'thumba omwewa, n'kumadabwa kuti akulephera kuzindikira ndalama. China ndi makala opsa otchedwa coke, akuda, opepuka ndi obowokabowoka, amene amalira pamwamba pang'ono pa malire a ayironi ndipo amavuta kuwaona m'dothi lakuda.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. M'chilimwe dothi linauma gwa, kuzama kunachepa, ndipo ndinasiya kukumba pa busa kwa masabata angapo chifukwa udzu wodulidwa pa nthawi youma sumeranso bwino, ndipo sindinafune kuti mlimi aone zipsera zachikasu pa busa lake. Mvula itayamba kugwa mu Okutobala zizindikiro zinamveka bwino, koma ayironi wadzimbiri nayenso anayamba kunama kwambiri m'dothi lonyowa, moti ndinafunika kutsitsanso sensitivity.

Thupi la makina lapirira. Chophimba cha koyilo chakalika kwambiri, zimene ndi ntchito yake, batire limandikwanirabe tsiku lonse la kumunda, ndipo mvula ya kuno sinawalowe. Ndi koyilo yaikulu dzanja limatopa pakatha maola atatu, pamene ndi yaing'ono sindimva kulemera. Pa munda wa tirigu wokololedwa, umene mlimi yemweyo anandilola kulowamo mu Ogasiti, makinawa ndi koyilo yake yoyamba anagwira ntchito mwabata ndi molondola kwambiri moti ndinazindikira kuti ndikanayambira kumeneko, zimene ndinalemba mu Epulo sindikanazilemba. Pa malo a ayironi ali ndi malire ake. Pafupi ndi pamene panali chitseko cha khola, misomali ndi yothithikana moti ngakhale koyilo yaing'ono imangodzuma mosalekeza, ndipo makina okwera mtengo, amene amalola kusintha liwiro limene makina amakonzekera kumva chinthu china akangomva choyamba, angachite bwinoko pamenepo. Sindinaone chifukwa chogulira ena panopa, popeza zambiri zimene ndaphonya m'miyezi khumiyi ndaziphonya chifukwa cha khutu ndi dzanja langa.

Palibe chimene ndapeza chofika pa zimene lamulo la Treasure Act la 1996 limatcha chuma, chimene chiyenera kunenedwa pasanathe masiku 14, koma chilichonse chooneka chakale ndimachisunga ndi kulemba malo ake kuti ndikachionetse kwa mkulu wa m'dera lino wa Portable Antiquities Scheme, ndondomeko yolembera zinthu zakale zimene anthu apeza. Ayironi yense amene ndakumba ndimachoka naye, ndipo ndowa imene mlimi anandiikira pafupi ndi geti yadzaza kawiri. Pamalo pa chitseko paja ndayamba njira yochedwa kwambiri: ndimasankha kachigawo ka mamita awiri mbali zonse, ndimachotsa misomali yapamwamba mothandizidwa ndi pinpointer (kachipangizo ka m'manja kofufuzira zitsulo pafupi) ndi maginito, kenaka n'kudutsitsanso koyilo. Ndamaliza zigawo zinayi, ndipo m'chachitatu munatuluka khobidi la halfpenny lofufutika kwambiri moti chaka chake sichiwerengeka.