Ya kaunjika, Ryzen kapena i3: kompyuta ya ndalama zochepa kuno ku Thyolo ndi Mulanje

Sabata yatha mphwanga, amene amajambula zithunzi ndi mavidiyo a maukwati ku Chitakale, anandipeza pa shopu yanga pa Luchenza atanyamula kapepala. Analembapo zipangizo za kompyuta zimene anaona pa YouTube, ndipo pamwamba penipeni panali graphics card, khadi lothandiza kompyuta kuonetsa zithunzi ndi magemu. "Achimwene, tandiwerengerani izi, Loweruka ndikufuna ndikagule ku Limbe." Ndinawerenga mpaka pansi. UPS, kabokosi ka batire kosunga kompyuta ili yoyaka magetsi akathima, sinalipo, ndipo pa power supply, chipangizo chogawira magetsi m'kati mwa kompyuta, anangolemba kuti "iliyonse". Ndinamukokera mpando.

Anthu a m'mavidiyo aja amakhala kumene magetsi sathimathima, fumbi kulibe, ndipo chipangizo chikafa amangochibweza kusitolo. Kuno munthu wa ndalama zochepa ali ndi njira zitatu, ndipo zonse ndazigwirapo ndi manja angawa: kugula ya kaunjika yochokera m'maofesi a kunja, kumanga yatsopano ya purosesa (ubongo wa kompyuta) ya AMD Ryzen 5 5600G, kapena kumanga ya purosesa ya Intel Core i3-12100.

Ndiyambe ndi ya kaunjika, chifukwa ndi imene ambiri timaikwanitsa. Ndikunena za Dell OptiPlex, HP ProDesk ndi EliteDesk, kapena Lenovo ThinkCentre. Makina amenewa anawapanga kuti aziyaka tsiku lonse mu ofesi, choncho ndi olimba, sachita phokoso, ndipo sadya magetsi ambiri. Pa ntchito yotayipa, kusindikiza mayeso a ana a sukulu, kuikira anthu nyimbo m'mafoni kapena kulemba maakaunti a kagulupu ka alimi a tiyi, simufunika china choposa apa. Msampha wake uli pa dzina. Wogulitsa akakuuzani kuti "iyi ndi i7, bwana", musasangalale msanga, mufunseni nambala yotsatira. i7-3770 ndi ya 2012, ndipo i3-12100 ya 2022 imaisiya kutali ngakhale dzina lake likumveka laling'ono. Pa mapurosesa a Intel a manambala anayi, nambala yoyamba ndiyo m'badwo wake: i5-6500 ndi wachisanu ndi chimodzi, i5-8500 ndi wachisanu ndi chitatu. Kusiyana kumeneku kwafika pofunika tsopano, chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, komanso kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Choncho OptiPlex 3060 kapena 7060 yokhala ndi i5-8500, ya ma core 6 (tizigawo ta purosesa togwira ntchito), ndi yogula. Ya 7040 ndi ina ya m'mbuyo mwake igulidwe pokhapokha mtengo uli pansi zedi ndipo mwakonzeka kuikamo Linux Mint m'malo mwa Windows.

Chimene sindikonda pa ya kaunjika ndi chimodzi, koma chachikulu. Power supply yake nthawi zambiri ndi yakeyake, mapulagi ake sagwirizana ndi wamba amene amapezeka paliponse. Ikapsa, mudzayenda shopu ndi shopu ku Limbe mutanyamula yakufayo m'jumbo, kufunafuna inzake. Komanso zambiri ndi zija zopyapyala, moti graphics card yaikulu silowamo ndipo magetsi ake sangaikwanitse. Ikakhala yakale kwambiri yochokera ku America, yang'anani kumbuyo kaswichi kofiira ka 115 ndi 230. Magetsi athu ndi a 230V. Mukailumikiza kali pa 115, mumva kuphulika kamodzi basi, nkhani yatha.

Tsopano ziwiri zatsopanozi. Ryzen 5 5600G inatuluka mu 2021, ili ndi ma core 6 ndi ma thread 12 (ntchito zimene imayendetsa nthawi imodzi), imakhala pa soketi ya AM4. Core i3-12100 inatuluka mu Januwale 2022, ili ndi ma core 4 ndi ma thread 8, soketi yake ndi LGA1700. Zonse ziwiri zimadya magetsi ochepa, cha m'ma 60 mpaka 65 watts, ndipo mukagula ya m'bokosi lake imabwera ndi fani yake yoziziritsira. Pa ntchito za tsiku ndi tsiku, monga kutsegula Word, Excel ndi intaneti, i3 imathamangirako pang'ono, chifukwa core yake iliyonse ndi yamphamvu. Koma diso lanu silingaone kusiyanako. Pamene zimasiyana moonekera ndi pa zithunzi. Zonse zili ndi graphics ya m'kati mwa purosesa momwemo, koma ya Ryzen, ya Radeon, ndi yamphamvu kuposa UHD 730 ya i3. Ngati muli ndi achinyamata ofuna kusewera mpira pa kompyuta, kapena mukufuna kutsegula kamalo ka magemu pa Nkando, 5600G imakulolani kuyamba popanda graphics card, ndipo ndalama imeneyo ndi yambiri. Mbali inayo, i3 ili ndi Quick Sync, imene imathandiza kwambiri potsegula ndi potulutsa mavidiyo a H.264 ndi HEVC, amene makamera ndi mafoni ambiri amajambula. Kwa mphwanga uja nkhani inali yovutirapo pamenepa, chifukwa iye amafuna zonse ziwiri, graphics yamphamvu ndi Quick Sync. Ine ndinamukankhira ku Ryzen chifukwa cha ma core awiri owonjezerawo: amakonda kutulutsa vidiyo ya ukwati uku akukonza zithunzi mazanamazana nthawi imodzi.

Pali chilembo chimodzi chimene chaliza anthu. i3-12100F ndi yotchipirapo kuposa i3-12100, ndipo wogulitsa sakhala akunama akati ndi purosesa imodzimodzi. Koma F ameneyo akutanthauza kuti ilibe graphics ya m'kati. Mukafika nayo kunyumba, fani izungulira bwinobwino koma sikirini ikhala yakuda mpaka mutagula khadi. Kwa AMD n'chimodzimodzi, kungoti chilembo chake ndi G: Ryzen 5 5600 yopanda G siionetsa chithunzi payokha.

Pa motherboard, bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse, sindichedwapo. Ya Ryzen, A520 ndi yotsika mtengo, B450 ndi B550 zili ndi malo ambiri. Koma B450 yokhalitsa pa shelefu ikhoza kukhala ndi BIOS (pulogalamu ya m'bolodi yoyatsira kompyuta) yakale yosaidziwa 5600G, ndiye musachoke m'shopu asanaiyatse inu mukuona. Ulendo wobwerera ku Limbe pa minibasi mutafungatira bokosi pa miyendo si wokoma. Ya i3, H610 ikukwanira, kungoti ina imalandira RAM (memory yogwirira ntchito) ya DDR4 pomwe ina DDR5, ndipo ziwirizi sizilowana pa malo oikapo. Za m'tsogolo, LGA1700 imalandiranso mapurosesa a m'badwo wa 13 ndi 14, pomwe AM4, imene inayamba mu 2016, ili kumapeto kwa ulendo wake. Komabe zipangizo za AM4 zachuluka pa msika, ndipo kwa ife kupezeka kwa chinthu kumaposa kukhala chamakono.

RAM musagule kamtengo kamodzi ka 16GB, gulani tiwiri ta 8GB. Ndalama yake ndi pafupifupi yomweyo, koma tiwiri timagwira ntchito ngati misewu iwiri m'malo mwa umodzi. Pa 5600G zimenezi zimaoneka ndi maso, chifukwa graphics yake ilibe memory yakeyake, imabwereka ku RAM yomweyo. Nayonso ya kaunjika mukaigula ndi 8GB, onjezerani kena.

Posungira zinthu, SSD ndi hard disk si zopikisana n'komwe. Hard disk imawerenga cha m'ma 100 mpaka 200 MB pa sekondi, SSD ya SATA imafika cha m'ma 550, ndipo ya NVMe ya PCIe 3.0 ikhoza kufika 3,500. Koma chifukwa changa chenicheni si liwiro. M'kati mwa hard disk muli mbale zozungulira ndi kasingano, ndipo sizikondwa ndi kuthimathima kwa magetsi kapena kugwedezeka pa kabaza mu msewu wa ku Thekerani. Windows ndi mapulogalamu zikhale pa SSD ya 500GB. Hard disk ikhale nkhokwe chabe ya mavidiyo akale, ndipo a ukwati wa anthu asakhale pamalo amodzi okha.

Tsono ndifike pamene ndinamukhazikira pansi mphwanga. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi 130 megawatts, kenaka Freddy n'kutigwera mu Malichi 2023. Kompyuta siiphedwa kwenikweni ndi kuthima kwa magetsi, imaphedwa ndi kubwera kwake. Ine ndinaphunzira ndi yanga. Ndinali nditagula bokosi lotchipa lobwera ndi power supply yake, yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, yolembedwa 500W pambali. Tsiku lina m'dzinja magetsi anathima n'kuyakanso kawiri motsatizana, ndinangomva "thu!" ndi fungo la pulasitiki wopsa. Inapita pamodzi ndi motherboard, ndipo m'makinamo munali mayeso a sukulu ina amene amayenera kusindikizidwa m'mawa mwake. Ndinawatayipanso usiku pa laputopu yobwereka.

Kuyambira pamenepo power supply ndimaiyesa ndi dzanja kaye: yabwino imalemera. Pezani ya kampani yodziwika, monga Corsair, Seasonic kapena Cooler Master, yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus, chimene chimatanthauza kuti magetsi osachepera 80 pa 100 alionse amene ikukoka amafikadi ku zipangizo m'malo mosanduka kutentha. Makina opanda graphics card safuna zambiri, ya 450W ndi yokwanira n'kutsalako. UPS ya 650VA sikuti ikugwiritsani ntchito mpaka madzulo ayi, imangokupatsani mphindi zochepa zoti musunge ntchito n'kuzimitsa bwino. Batire lake la 12V 7Ah limatopa pakapita zaka zingapo ndipo limasinthidwa. Printer ya laser musailumikize pa UPS, imakoka magetsi ambiri ikamatenthetsa. Ndipo mitambo ikada pa phiri, ziphaliwali n'kuyamba, palibe UPS imene ingakutetezeni: zulani pulagi pa khoma.

Nyengo yathu nayo ili ndi zake. Chiperoni chikagwa mwezi wa Juni kapena Julaye, chinyontho chimalowa paliponse, ndipo fumbi limene linaunjikana m'kati nthawi ya chilimwe limasanduka phala pa bolodi. Kompyuta isakhale pansi pa simenti, ikhale pa tebulo, ndipo muziitsegula n'kuipemerera fumbi miyezi ingapo iliyonse. Pamenepa ya kaunjika ija imaposa mabokosi ambiri atsopano a magalasi ndi timagetsi tamitundumitundu, chifukwa imatseguka popanda sikuludiraiva. Mu ina ya kasitomala wa ku Makwasa ndinapezamo nalimata atauma gwa pafupi ndi fani.

Mitengo ku Limbe imayendera dola, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene mwauzidwa Lolemba musaudalire Loweruka. N'chifukwa chake ndinamuuza mphwanga kuti agule purosesa, motherboard ndi RAM tsiku limodzi, m'shopu imodzi, aziyesere pomwepo, ndipo lisiti likhale ndi manambala a zipangizozo. Graphics card tinaifufuta pa kapepala paja, ndalama yake n'kupita ku power supply ndi UPS. Anadandaula pang'ono kuti bokosi lake silikhala ndi timagetsi ngati a pa YouTube. Loweruka madzulo anatsika minibasi pa Luchenza ndi 5600G, bolodi ya A520 ndi timitengo tiwiri ta RAM, ndipo tinamangira pa tebulo langa lotayipira. Sikirini tinagwiritsa ntchito TV ya mayi athu, ya HDMI, mpaka adzapeze ndalama za ukwati wa mwezi wamawa.