Ku Joni pa galimoto yako: kudzera ku Tete kapena ku Kazungula?

Khirisimasi ikamayandikira foni yanga sipuma. Wina akufuna kukapikula katundu wa shopu, wina kukaona mlongo wake ku Pretoria, wina wangogula galimoto ndipo basi yamukwana. Funso lawo ndi limodzi: "Achimwene, tidzere kuti?" Ndiye ndilembe pano kamodzi kuti aliyense adziwerengere, chifukwa njira ziwiri zonsezi ndaziyenda ndi chiwongolero m'manja, kuchokera ku Lilongwe.

Njira yoyamba ndi imene aliyense amaidziwa, yomwe mabasi amadzera. A ku Blantyre amatulukira pa Mwanza kulowa Zobue, ife a pakati timatulukira pa Dedza kulowa Calomue n'kukakumana ndi msewu wochokera ku Zobue. Kenaka Tete, Changara, malire a Cuchamano ndi Nyamapanda, Harare, Masvingo, Beitbridge, kuwoloka Limpopo, basi N1 mpaka Johannesburg. Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 1,900. Njira yachiwiri ndi yozungulira: Mchinji, Chipata, Lusaka, Livingstone, mlatho wa Kazungula, kudula Botswana kudzera Nata, Francistown ndi Palapye, n'kulowa South Africa pa Martin's Drift, pomwe kutsidya amati Groblersbrug. Imeneyi imayandikira makilomita 2,500. Mukangoyang'ana pa mapu, nkhani yatha kale, Tete wapambana. Koma ulendo wa galimoto yako umavutira pa kawindo ka m'malire, pamene iwe waima ndi mapepala m'manja ana akulira m'galimoto.

Mapepala ochokera kunyumba ndi amodzimodzi kulikonse mungadzere. Blue book, laisensi, COF yosatha masiku, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimoto si yobedwa, ndi chilolezo chotulutsira galimoto kwa kanthawi chomwe mumatenga kwa a MRA. Ngati galimoto ili m'dzina la munthu wina, kalata yake yosainidwa ndi kudindidwa. Ngati ili pa ngongole ya banki, kalata ya banki. Dziko lililonse lomwe mwalowa limakupatsani TIP yake, pepala lololeza galimoto yachilendo kukhala m'dzikomo kwa masiku owerengeka, ndipo potuluka mumalibweza. Maiko onsewa amayendetsa kumanzere ngati kwathu, choncho pamenepo palibe chodetsa nkhawa.

Pomwe njira ziwirizi zimasiyana kwenikweni, ndipo pomwe ine mtima unandipweteka, ndi pa inshuwalansi.

Pali chimene amati Yellow Card. Ndi inshuwalansi ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, yolipirira munthu wina amene mwamuvulaza kapena kumuonongera katundu pangozi muli kunja kwa dziko lanu. Mumagula kuno kumudzi kwa a inshuwalansi, n'kumaionetsa m'maiko omwe ali m'ndondomekoyi, ngati Zambia, Zimbabwe, Tanzania ndi Kenya. Ndi chinthu chabwino ndithu, chimapulumutsa nthawi ndi ndalama zakunja. Koma Mozambique sali mu COMESA, anatulukamo kalekale. Botswana ndi South Africa nawonso sali m'menemo. Zimenezi wogulitsa aliyense amazidziwa bwino. Amene anandigulitsa ine, mu ofesi yooneka bwino mumzinda muno, ndinamufunsa mosapita m'mbali kuti ndikudzera ku Tete, kodi pepalali lindifikitsa? Anandiyankha akumwetulira: "Bwana, ili ndi la maiko onse, mukafika ku Joni osatulutsanso kakobiri." Anadziwa njira yanga, analandira ndalama zanga, ndipo sananene chilungamo.

Titawoloka kulowa mbali ya Mozambique, ndinatulutsa pepala lachikasu lija ndi mtima wonse. Munthu wa pa kawindo analiyang'ana kamodzi n'kulikankhira kwa ine mwaulemu. Anthu a dera limenelo amalankhula Chichewa ngati ife, ndiye panalibe zoti mwina sitinamvane chilankhulo. "Abambo, ili kuno silikuyenda. Kaguleni seguro." Seguro ndi inshuwalansi m'Chipwitikizi. Iye sanalakwe, amatsata lamulo la dziko lake. Ine ndiye ndinali nditawerengetsa kale ndalama zanga mpaka za mafuta, ndipo za inshuwalansi ina munalibemo.

Apa ndi pamene madobadoba amakununkhiza. Asanathe n'kulankhula wa pa kawindo uja, anyamata awiri anali kale pambali panga, wina atavala jekete yowala yoti munthu ungaganize kuti ndi wantchito wa boma. "Madala, musavutike, tikuthandizani chapompano." Wina wagwira blue book yanga, wina watulutsa mpukutu wa ndalama kuti andisinthire makwacha kukhala meticais. Mtengo wosinthira amaunena mwachangu, kuwerenga amawerenga mwachangu, dzuwa likuswa mtengo, kumbuyo kuli mzere wa mathiraki. Pomwe ndinkakhala pansi m'galimoto kuti ndiwerenge modekha, ndinapeza kuti ndalipira katatu pa chinthu chimodzi: inshuwalansi yeniyeniyo, phindu la wosintha ndalama, ndi "ya sopo" ya wondiperekeza mtunda woti mwana angathamange osapuma. Ndalama imene inapita pamenepo ndi yomwe ndinasungira malo ogona ku Harare. Mpaka lero ndikadutsa pa ofesi ya wogulitsa uja, m'mimba mumatentha.

Choncho mukasankha Tete, dziwani izi musananyamuke. Yellow Card idzakuthandizani ku Zimbabwe kokha pa njira imeneyi. Ya ku Mozambique mudzagula padera pamalire, ndipo makampani ake ali ndi maofesi awo pomwepo. Lowani nokha, musatume munthu. Onetsetsani kuti nambala ya galimoto yalembedwa bwino, masiku akukwanira ulendo wobwerera, ndipo mwapatsidwa lisiti. Blue book ndi pasipoti zisachoke m'manja mwanu kupita kwa munthu amene sali kuseri kwa kawindo, ngakhale atavala jekete yowala bwanji.

Msewu wa Tete pawokha si woipa monga ena amaunenera. Kutentha ndiye kulipo, Tete ndi ng'anjo, ndipo galimoto ya radiator yokayikitsa idzakuululani pamenepo. Chiyambire pamene mlatho wa Kassuende unatsegulidwa mu 2014, mathiraki akuluakulu amawolokera Zambezi kumeneko ndipo mlatho wakale wa Samora Machel unapumako. Pa midzi ndi m'matauni liwiro limatsika kufika 60, ndipo zikwangwani zina zinafufuta, ndiye mukangoona nyumba zayandikana chotsani phazi. Amafunanso ma triangle awiri ndi jekete yowala m'galimoto. Ku Zimbabwe onjezerani chozimitsira moto ndi timapepala tonyezimira, toyera kutsogolo tofiira kumbuyo. Pa Nyamapanda mudzalipira msonkho wa utsi, womwe amati carbon tax, ndi wogwiritsa ntchito msewu, kenaka ma toll gate m'njira yonse mpaka Beitbridge. Kumeneko dola ya America ndiyo imamveka, ndipo tengani zing'onozing'ono chifukwa chenji chimasowa. Tonse tikudziwa mmene dola ikuvutira kupeza kuno kwathu, ndiye njira imene imadya madola ambiri ndi yodula kuposa mmene malisiti akuonetsera.

Beitbridge anaikonza, ntchito yake inatha mu 2022, ndipo tsopano mathiraki, mabasi ndi magalimoto ang'onoang'ono ali ndi mbali zawozawo. Kusintha kulipo ndithu poyerekeza ndi kale, ndipo satseka usiku ndi usana. Koma kukonzako kunabwera ndi ndalama yolowera pachipata, ndipo mu Disembala anthu a Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi Congo onse amathirana pakhomo limodzi lomweli. Mukafika nthawi yolakwika, mabasi angapo atangotsitsa anthu, maola omwe munapulumutsa podzera njira yaifupi amathera pamzere.

Tsopano ya Kazungula, yomwe ndimaikonda ndipo sindibisa.

Pa Mchinji ndi Mwami anamanga chipata chimodzi cha maiko onse awiri, chimene chinatsegulidwa mu Disembala 2022 ndi atsogoleri a Malawi ndi Zambia. Mumaima kamodzi, kutuluka ndi kulowa mumadinditsa m'nyumba imodzi. Yellow Card imagwira ntchito. Musaganize kuti Zambia ndi yaulere: pali carbon tax, ndalama ya msewu, ndi kamsonkho ka khonsolo, ndipo malisiti onse asungeni pamodzi chifukwa amafunsidwa m'njira. Chomwe chimandikhazika mtima pansi n'choti kuyambira Chipata mpaka Lusaka ndimalankhula chilankhulo changa. Galimoto ikavuta pa Petauke kapena pa mlatho wa Luangwa, makaniko ndimamufotokozera phokoso la injini m'Chinyanja ndipo amandimva. Great East Road ndi yaitali, makilomita oposa 550 kuchokera ku Chipata, ili ndi mapiri ndi makona chakufupi ndi Luangwa, ndiye osayenda ndi mabuleki otha. Lusaka muidutse m'mamawa kwambiri magalimoto asanadzaze. Kuchokera apo ndi Kafue, Mazabuka, Choma, Kalomo, Livingstone.

Mlatho wa Kazungula unatsegulidwa mu Meyi 2021. Ndi wautali mamita 923 ndipo anaumanga wokhota kuti usaponde Zimbabwe kapena Namibia, poti maiko anayi amayandikana pamalo amenewo. Usanamangidwe, anthu ankawoloka Zambezi pa pantoni ndipo madalaivala a mathiraki ankagona masiku pamzere. Lero ukalipira ya mlatho umawoloka mphindi zochepa, ndipo naponso chipata ndi chimodzi cha maiko awiri. Ndiye taonani kusiyana kwake: njira zonse ziwiri zili ndi malire atatu, koma ya Kazungula pawiri umangoima kamodzi. Ku Botswana, m'malo mwa Yellow Card, umalipira chilolezo cha msewu ndi ndalama ya thumba lawo la ngozi za pamsewu pa kawindo ka boma, mitengo yake yolembedwa, lisiti m'manja. Palibe amene anandikoka malaya pamenepo, ndipo kwa munthu amene anapsa kale monga ine, chimenecho chokha n'chokwanira kundizungulitsa makilomita 600.

Botswana nayo ili ndi zake. Msewu wochokera ku Kazungula kukafika ku Nata ndi wa makilomita pafupifupi 300 a tchire lokhalokha, ndipo njovu zimawoloka mmene zafunira. Masana mudzaziona patali n'kuima. Usiku njovu sioneka mpaka itadzaza galasi lonse lakutsogolo, choncho msewu umenewu osauyenda kukada, ngakhale mutachedwa chotani. Thirani mafuta odzaza musanachoke ku Kazungula kapena Kasane. Chachiwiri ndi mipanda yawo yoteteza ng'ombe ku matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Amakuimitsani, amatsegula buti, nyama yaiwisi amalanda, ndipo nthawi zina amakuuzani mutsike mupondetse nsapato m'mankhwala. Amayi amene mwakonzera abale a ku Joni kanyama ka mbuzi, kadzathera pamenepo. Ngati muli ndi ana, nyamulani zikalata zawo za kubadwa, ndipo ngati kholo limodzi latsala, kalata yake yovomereza, chifukwa a Botswana pa ana sachita chibwana.

Pa mafuta Kazungula waluza, palibe chobisa. Makilomita owonjezerawo ndi tanki ina yathunthu ndi usiku wina wogona panjira. Pa nthawi, njira ya Tete imatheka masiku awiri ngati pali madalaivala awiri ndipo malire akukomerani, pamene ya Kazungula ipatseni masiku atatu. Kumbukiraninso kuti pasipoti ya Malawi imapatsidwa masiku 30 ku South Africa, ndipo si zipata zonse zimene zimagwira ntchito usiku ngati Beitbridge, ndiye funsani nthawi yotsekera musanapange pulani yofika pamalire dzuwa litalowa.

Ena amandifunsa za kudzera Lusaka n'kukhotera ku Chirundu kupita Harare. Imeneyo imakuthawitsani Mozambique ndipo Yellow Card imakufikitsani mpaka pa Limpopo, koma Beitbridge ikukudikiranibe. Ya kutsetsereka Mozambique yonse kudzera Inchope, Xai-Xai ndi Maputo mpaka Ressano Garcia ndi ya munthu amene akufuna kukaona nyanja ndipo ali ndi matayala awiri apadera, chifukwa maenje a msewu wa EN1 ndi nkhani ina.

Ndiye mukandifunsa kuti tidzere kuti, yankho langa limayamba ndi komwe mukukhala. Wa ku Blantyre, Zomba kapena Mulanje, kupita ku Mchinji kokha ndi ulendo pawokha, choncho dzerani pa Mwanza, koma mutenge meticais ndi madola musanafike pamalire, ndipo inshuwalansi ya ku Mozambique muiwerengere mu bajeti kuyambira kunyumba. Wamalonda amene tsiku limodzi lochedwa ndi ndalama, nayenso Tete. Koma wa ku Lilongwe, Kasungu kapena Mzuzu amene wanyamula banja, makamaka mu Disembala, kapena amene akutulutsa galimoto kunja koyamba, ine ndimamuuza Kazungula. Anyamuke m'bandakucha, agone ku Lusaka, tsiku lachiwiri awoloke mlatho kukadali kowala n'kugona ku Kasane, kuti msewu wa njovu aupite m'mawa.