Digiri, ntchito zamanja kapena kuphunzira wekha, chabwino n'chiti?

Anzanga, nkhani yoti kupita ku koleji kuli ndi phindu kapena ayi imandisowetsa mtendere anthu akamaiyankha ngati tonse tikufuna ntchito imodzi. Zimatengera ukufuna kudzagwira chani.

Pali ntchito zina zoti popanda pepala sungazinunkhe olo ukhale wanzeru bwanji. Udokotala, uloya, unesi, zonsezi zimafuna laisensi ndipo laisensiyo amapatsa munthu amene wamaliza kosi yovomerezeka. Apa palibenso zokambirana, pita ukaphunzire basi, udokotala m'maiko ambiri ndi zaka 5 kapena 6 koma ukatuluka uli ndi chinthu choti mnzako sangachitole pa YouTube.

Pomwe pamavuta ndi pa madigiri aja oti ntchito yake aliyense atha kuigwira. Ambiri amangowerengera fizi, kuiwala kuti zaka 3 kapena 4 zomwe iwe wakhala pa desiki, mnzako amene analowa zamagetsi, zowotcherera kapena umakaniki wayamba kale kulandira, wagula zipangizo zake, makasitomala akumuimbira foni okha. Ku Germany izi anazikonza bwino, wachinyamata masiku ena amakhala pa kampani masiku ena m'kalasi, kwa zaka 2 mpaka 3 ndi theka, ndipo amalipidwa akuphunzira. Koma dziko lomwelo pofika 2014 linali litachotsa fizi m'mayunivesite aboma, ndiye kumeneko digiri siipweteka m'thumba ngati ku England komwe fizi inafika mapaundi 9,250 pachaka mu 2017, kapena ku America komwe ngongole za ophunzira zinadutsa madola 1.7 thiriliyoni. Pepala lomwelo, mtengo wosiyana kutalitali, ndiye osamangotengera yankho la munthu wa dziko lina.

Zamanja nazo zili ndi mavuto ake. Thupi limatha. Munthu wa zaka 50 kukwera padenga kapena kugona pansi pa galimoto tsiku lonse si zocheza, msana umayamba kudandaula, pomwe wa mu ofesi uja akukalamba ali pa mpando malipiro akukwera. Ukapanda kulemba anyamata oti azikugwirira, ukalamba umakupeza sipanala ili m'manja.

Kuphunzira wekha pa intaneti, makamaka zamakompyuta, n'kotchipa kuposa zonsezi koma kumafuna khama lenileni. Palibe lekichala wokulondalonda za asainimenti, palibe mayeso okusowetsa tulo, ndiye ambiri sabata yoyamba amayamba ndi moto, kufika yachitatu vidiyo ija yaima pakati ndipo saitsegulanso. Chinanso, CV yako ikafika kwa olemba ntchito imapeza mulu wa ena, ndipo iwo akafuna kusefa mwachangu amayang'ana kaye digiri.

Ndiye pali aja amakonda kunena kuti aaa Bill Gates ndi Mark Zuckerberg anasiya sukulu koma onani lero. Eya anasiyadi, Gates mu 1975, Zuckerberg mu 2004, koma anasiya Harvard, yunivesite ya ku America yovuta kwambiri kulowamo, kutanthauza kuti anakhoza kaye n'kulowa, bizinesi inali itayamba kale kuyenda, ndipo kwawo sikunali kosauka. Zikanavuta akanabwerera m'kalasi.

Amene amandimvetsa chisoni ine ndi wosiyira panjira. Walipira zaka 2, watenga ngongole, kenako ndalama zatha kapena kosiyo yamutopetsa, watuluka wopanda pepala ngongole ikumudikira, ndipo pa intavyu akumuwerengera ngati wongomaliza sekondale. Wa zamanja wamupitirira, wa digiri wamupitirira. Ndiye usanadzaze fomu uone kaye ngati ndalama zilipo zofikira chaka chomaliza, osati za semesita yoyamba yokha, komanso ufunse anthu atatu amene anamaliza kosi yomweyo kuti panopa akugwira ntchito yanji.