Alignment, Pendragon kapena Burning Wheel: malamulo ati amasenza bwino chisankho chowawa patebulo?

Anzanga atatu andifunsa kale funso limodzimodzi: ngati ndikufuna masewera a patebulo, momwe aliyense amasewera ngati munthu wa m'nthano, oti osewera azifika posankha pakati pa zoipa ziwiri, ndiyambire pa malamulo ati? Ndiwayankhe onse pamodzi. Za madayisi ndi kamenyedwe ka nkhondo sindinenapo, mukuzidziwa kale.

Alignment ya Dungeons & Dragons ndiyo yakale: ndi lamulo loika munthu aliyense wa m'masewera kumbali ina ya khalidwe, monga wosunga malamulo kapena wachisokonezo, wabwino kapena woipa. Pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson ankatulutsa masewerawa mu 1974 panali mbali zitatu zokha, ndipo zisanu ndi zinayi zomwe tazolowerazi zidakhazikika pambuyo pake ndi mtundu wokulitsidwa wa masewerawa wotchedwa AD&D. Ubwino wake ndi woti mlendo amaimvetsa msanga. Koma woyendetsa masewera akaisandutsa bwalo la milandu, imapweteka. M'buku la osewera la 1978, paladin, wankhondo wopatulika wolumbirira kuchita zabwino, akachita choipa mwadala ankataya upaladin wake mpaka kalekale n'kusanduka wankhondo wamba, ndipo mzimu wa lamulo limenelo udakali m'mitu ya oyendetsa ambiri.

Ine ndidaona ndi maso anga. Mnzathu wina adasewera paladin wake kwa miyezi isanu ndi itatu. Tsiku lina tidagwira chigawenga chomwe chidataya lupanga n'kudzipereka, ndipo chinkadziwa komwe anzake adabisa ana a m'mudzi. Chinkakana kuulula. Mnzathuyo adayesa kuchinyengerera, adayesa kuchilonjeza moyo, adapempha kuti titsatire mapazi m'tchire. Woyendetsa adatseka njira zonsezo imodziimodzi mpaka padatsala ziwiri: kuchizunza, kapena kusiya ana aphedwe. Atakana kuchizunza, anawo adafa, ndipo woyendetsa adalengeza kuti mulungu wake wamuchotsera mphamvu chifukwa chosateteza osalakwa. Titamufunsa kuti akadachizunza bwanji, adavomera kuti mphamvuzo zikadapitabe.

Chimene chidandiwawa si imfa ya ana a m'nthano. Ndi choti munthu adaganiza mozama kwa ola lathunthu, chonsecho chigamulo chidali chitalembedwa asanakhale pansi. Umenewo ndi msampha, si chisankho. Sadabwerenso patebulo lathu, ndipo mpaka lero sindikhala pa masewera a woyendetsa amene amanyadira kugwetsa paladin.

Ndinene mwachilungamo kuti malamulo adafewa. Mu D&D ya 2014 paladin amamangidwa ndi lumbiro lomwe wasankha yekha, ndipo akaliphwanya pali mpata wolapa. Pathfinder, masewera ena a mtundu womwewu, mu 2023 idachotseratu alignment n'kusiya mndandanda wa zoyenera kuchita ndi zonyansa kwa mulungu aliyense. Pamenepo wosewera amadziwiratu malire ake masewera asanayambe, ndipo zimenezo ndimaziyamikira.

Pendragon ya Greg Stafford, ya 1985, imayenda njira ina. Msilikali wa m'nthawi ya Mfumu Arthur ali ndi makhalidwe awiriawiri okwana magulu 13, monga chifundo ndi nkhanza, kukhululuka ndi kubwezera, ndipo awiri alionse akaphatikizidwa amakwana 20. Chifundo chikakwera, nkhanza imatsika. Kukoma kwake n'koti palibe wokuweruza kuchokera kumwamba, khalidwe lako limangosendera pang'onopang'ono malinga ndi zochita zako. Mtengo wobisika ndi uwu: khalidwe likafika pa 16 kupita m'mwamba limayamba kukulamulira, ndipo dayisi ikhoza kukuuza kuti msilikali wako wabwezera pomwe iwe umafuna akhululuke. Ena amasangalala nazo chifukwa munthu weniweni amagonja ku mtima wake. Ena amakwiya. Auzeni osewera anu zimenezi tsiku loyamba lomwe.

Mtima wanga uli pa Burning Wheel ya Luke Crane, yomwe idatuluka mu 2002, ndipo sindibisa kuti ndikukondera. Wosewera amalemba yekha zikhulupiriro zitatu za munthu wake, ndipo ntchito ya woyendetsa ndi kuziyesa. Wina akalemba kuti sindidzazunza wodzipereka, n'kulembanso kuti ana a mudzi uno ndidzawateteza ndi moyo wanga, wapempha yekha kuti ziwirizo zidzawombane. Akaumirira chikhulupiriro chake amalandira mphotho yotchedwa Artha. Akachiswa pambuyo polimbana nacho mooneka patebulo, amalandiranso. Chigawenga chomwe chija chikadakhala m'masewera awa, mnzathu akadamva kuwawa komweko, koma akadatuluka ndi munthu wosinthika m'malo mwa pepala lofufutidwa. Vuto lake ndi kulemera kwa malamulo. Buku ndi lonenepa, ndipo gulu losakonda kuwerenga litopa msanga.

Ndiye kwa atatu aja: amene gulu lanu limakonda nthano za mafumu ndipo silidandaula dayisi ikalamula mtima, tengani Pendragon. Amene muli ndi nthawi yophunzira, Burning Wheel. Inu amene mwagula kale mabuku a D&D musawononge ndalama zina. Bwerekani njira ya zikhulupiriro zitatu, aliyense azilembe kuseri kwa pepala lake, ndipo mugwirizane musanaponye dayisi yoyamba kuti mphamvu za paladin sizichotsedwa popanda kukambirana ndi mwini wake. Gulu langa lakhala likusewera choncho kwa zaka ziwiri, ndipo sabata yatha wansembe wa m'masewera athu adanama pamaso pa mfumu kuti apulumutse mchemwali wake, ndipo Loweruka likudzali tikaona ngati akaulule kukachisi.